Kodi kuba n'kwa m'magazi? Mwana wa malemu achimwene wandithetsa nzeru

Telala wa pa Ngabu
Abale anga a kuno kuchigwa, pepani kuti ndatulutsa za kunyumba pagulu, koma zandifika pakhosi. Ndikusunga mwana wa malemu achimwene anga, mnyamata wa zaka 13. Mayi ake anatisiya iye akadali wamng'ono, bambo ake anamwalira mu 2023, madzi a namondwe wa Freddy ataphwa kale. Kwawo kunali ku Makhanga. Atachoka kumsasa anakhala kwa azakhali ake, kenako kwa agogo ake, pano ali kwa ine.

Mwanayu amaba. Anayamba ndi zakudya. Mayi a kunyumba akusesa m'chipinda cha anyamata anafunyulula mphasa yake n'kupeza mkute wouma, mbatata yootcha, ndi shuga womanga m'kapepala, nyerere zili ngundangunda. Komatu amadya mbale imodzi ndi ana anga, palibe amam'mana. Kenako inasowa nkhuku, tinamva kuti inagulitsidwa kwa anyamata a tchipisi pamsika. Sabata yathayi zasowa K15,000 za banki mkhonde zimene mayi amasunga. Ukamufunsa amakana maso ali gwa, ngakhale umboni uli poyera.

Amayi anga akuti ndisadzivutitse, ndi magazi a bambo ake. Kunena mosabisa, achimwene ankadziwika kubwalo la amfumu pa milandu ya mbuzi za eni. Mayi a kunyumba akuti mwanayu apite kwa amalume ake kwa Chapananga. Ine ndagwira njakata. Kodi khalidwe munthu amabadwa nalo, moti ndikungotaya nthawi? Kapena limaumbika?

Wakabaza wa pa Nchalo
Achimwene, mwanayo mukumusasatitsa. Ife bambo athu akangotulutsa chikwapu cha bwemba, nzeru zimabwera zokha. Kuongola mtengo n'poyamba.

Woweta wa ku Miseu Folo
Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ng'ombe ndakula nazo. Khola limodzi, msipu umodzi, madzi a pachitsime chimodzi, koma mwana wa ng'ombe yolusa amayamba kuponya mateche nyanga zisanamere n'komwe. Wina wobadwa mwezi womwewo umamugwira khutu, ali phee. Palibe anawaphunzitsa. Ndiye munthu angasiyane pati? Agogo a mwanayo akudziwa chimene akunena, bambo akewo anabereka ndi iwo.

Mayi wa ku Bangula
Make mbuu, mwana mbuu. Kwathu kuli banja lina, sinditchula, agogo awo anathamangitsidwa m'mudzi chifukwa cha kuba, bambo awo anakalowa kundende, pano zidzukulu ndi zimene zikutimaliza nkhuku. Inu a Telala muli ndi ana anu, nsomba ikaola imodzi zonse zimaola. Ganizirani amenewo poyamba.

Mphunzitsi wopuma, Chikwawa boma
A Woweta sakunama, koma anena theka la nkhani. Zoti ana amabadwa osiyana, mayi aliyense wobereka ana angapo akudziwa: wina amalira usiku wonse, wina amagona ngakhale pa maliro. Akatswiri a za maganizo anazifufuza izi pogwiritsa ntchito mapasa. Ku Minnesota, ku America, Thomas Bouchard anayamba mu 1979 kusonkhanitsa mapasa amene analekanitsidwa ali makanda n'kukulira m'mabanja osiyana. Anapeza kuti mapasa ofanana aja, ngakhale sanakulire pamodzi, ankafanana kwambiri pa zinthu monga kupsa mtima msanga, manyazi, kukonda zinthu zoika moyo pachiswe. Kafukufuku wambiri wa mtundu umenewu amagwirizana kuti pafupifupi theka, mwina kucheperapo, la kusiyana kwa mitima ya anthu limachokera kumtundu.

Tsono pa za kuba penipenipo. Ku Denmark anaunika mbiri ya ana oposa 14,000 amene analeredwa ndi anthu osakhala makolo awo owabereka, zotsatira zinatuluka mu 1984. Mwa anyamata amene makolo owabereka ndi owalera omwe analibe mlandu, pafupifupi 14 pa 100 alionse anadzapezeka olakwa kukhoti. Mwa amene kholo lowabereka linali ndi mlandu koma owalera alibe, anali 20 pa 100. Ndiye inde, magazi ali ndi mbali yake. Koma werenganinso bwino: pa ana 100 a anthu a milandu, 80 sanagwidwe ndi mlandu uliwonse.

Chimene mwana amatengera si kuba. Amatengera mtima wothamanga, wosachedwa kutengeka, wosaopa. Mtima womwewo ungatulutse wakuba, ungatulutsenso msodzi amene amalowa mu Shire madzi atakwiya kukapulumutsa anzake.

Ndipo a Telala, ndikufunseni. Inu ndi malemuwo si bere limodzi? Mbuzi za eni mwabapo zingati?

Mayi wa ku Bangula
Aphunzitsi, 20 ndi 14 n'zosiyanabe. Mwavomera nokha. Ndiye banja la kwathu lija mulifotokoza bwanji, mibadwo itatu?

Mphunzitsi wopuma, Chikwawa boma
N'zosiyana, mayi, sindikukana. Koma banja lanulo silinangopatsirana magazi okha. Linapatsirananso khomo limodzi, umphawi umodzi, ndi dzina. Mwana wobadwira pakhomo limene mudzi wonse umalitcha la akuba, nkhuku ikasowa kulikonse amayamba kufunsidwa ndi iye asanabe n'kamodzi komwe. Palibe amamutuma kumsika ndi ndalama. Kusakhulupiriridwa kumeneko kumaphunzitsanso.

Namwino wa ku East Bank
Ine maso anga ali pa mphasa ija. Mwana wakuba chifukwa cha dyera amadya pompo, sasunga mkute mpaka kuchita nyerere. Wobisa chakudya pamene mimba ili yokhuta ndi mwana amene thupi lake silinakhulupirire kuti mawa kudzaphikidwa. Tinaziona kwambiri pambuyo pa madzi a 2015, pomwe Ruo anasiya njira yake n'kudula Makhanga, komanso pa Freddy. Ana ena tikawapatsa chiponde kuchipatala, paketi ina amailowetsa m'kabudula, maso ali kwa iwe, ngakhale wawauza kuti sabata yamawa alandiranso.

Pali kafukufuku wina wotchuka wa Walter Mischel ku Stanford, wa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Amamuikira mwana switi patebulo n'kumuuza kuti ukadikira osadya mpaka ndibwere, ndikupatsa awiri. Kwa zaka zambiri anthu ankati mwana wodikira ndiye wobadwa ndi mtima wodziletsa. Koma ku Rochester, Celeste Kidd ndi anzake anachita mwanzeru. Asanatulutse switi, anayamba alonjeza ana kuti tikubweretserani makrayoni atsopano. Gulu lina anawabweretseradi. Gulu lina anabwerako chimanjamanja n'kupepesa. Atafika pa switi, ana amene sananamizidwe anadikira pafupifupi mphindi 12. Onamizidwa aja, mphindi 3 zokha. Ana ake ofanana misinkhu, kusiyana kwake bodza la munthu wamkulu basi.

Tsono werengani malonjezo amene aphwanyika pa mnyamata uyu. Mayi anapita. Nyumba inapita ndi madzi. Bambo anapita. Kwa azakhali anauzidwa kuti pano ndi kwanu, anachotsedwa. Kwa agogo chimodzimodzi. Panopa makoma a nyumba ali ndi makutu, za kwa Chapananga wazimva kale. Kwa iye cholowa m'thumba lero ndiye chake, za mawa n'za eni.

Sindikuti kuba n'kwabwino ayi. Ndikuti mukamusamutsanso kachinayi, mwamutsimikizira zomwe akuganiza kale.

Telala wa pa Ngabu
Anamwino, mwandikumbutsa chinthu. Chikwama chake cha pulasitiki chimene anabwera nacho sanamasulepo. Tinamupatsa malo m'sutikesi ya anzake, iye zovala amachapa n'kubwezera m'chikwama momwemo, n'kumanga pakamwa, n'kutsamira pogona. Ife timaseka kuti mlendo wathu sakufuna kukhazikika.

@Aphunzitsi, mbuzi sindinabepo, koma ine ndinakulira kwa abambo aang'ono kuno ku Ngabu, achimwene ndiwo anatsala kumudzi nthawi imene bambo athu anayamba kachasu.

Wophunzira ku Zomba, kwathu Tengani
Ndiwonjezere pa za switi zija, chifukwa anthu angaganize kuti ana a kumudzi ndiwo osadziletsa. Mu 2017 Bettina Lamm ndi anzake anatulutsa zotsatira za mayeso omwewa pa ana a zaka zinayi a alimi a mtundu wa Nso ku Cameroon, kuwayerekeza ndi ana a m'tauni ku Germany. Ana a ku Cameroon anapatsidwa kamkate kokazinga konga mandasi athuwa. Pafupifupi 70 pa 100 anadikira mphindi 10 zonse, ena mpaka kugona pampando. A ku Germany amene anadikira sanakwane 30 pa 100, ndipo amachita kuvutika, kuimba, kugogoda tebulo. Ana a ku Cameroon aja si olemera ayi. Amakulira pakhomo pamene wamkulu akanena chinthu chimakhala chomwecho, ndipo amaphunzira msanga kulera ang'ono awo ndi kudikira nthawi yawo. Ndiye vuto si umphawi pawokha. Vuto ndi pakhomo posadziwika mawa lake.

Mlimi wa nzimbe, Kasinthula
Mwana wa ku Zomba, umphawi usauchepetse. Si ana okha. Ine ndimadziona ndekha. Miyezi imene tikudikira ndalama za nzimbe, fizi ikufunika, ufa watha, wakatapila akuimba foni, mutu sugwira. Ndimakalipira ana pa zinthu zopanda pake, ndimaiwala ngakhale pamene ndaika chikwanje. Ndalama zikalowa ndimakhala tate wabwino zedi, mpaka akazi anga amandifunsa kuti kodi uja wa mwezi wathawu anali ndani.

Pamaphunziro ena a alimi anatiuza za anzathu a nzimbe a ku Tamil Nadu, ku India. Alimi 464 anayesedwa nzeru asanakolole, ali pa ngongole, n'kuyesedwanso atalandira ndalama. Anthu omwewo anakhoza bwino kwambiri atalandira. Zinasindikizidwa mu 2013. Titamva tinaseka tonse, chifukwa ife sitinafunikire munthu wochokera kutali kuti atiuze zimenezo. Ndiye khalidwe langa lenileni ndi liti, la mwezi wa ngongole kapena la mwezi wa malipiro?

Mkulu wa mpingo, Sorgin
Ndawerenga zonsezi, pali chimene chikundidetsa nkhawa. Tikapitiriza chonchi tifika poti palibe wolakwa. Uyu ndi magazi, uyu ndi njala, uyu ndi madzi osefukira. Nanga ana ena a ku Makhanga amene anagona mumtengo usiku womwewo, anataya makolo chimodzimodzi, bwanji sakuba? Munthu si chikuni chongotengedwa ndi madzi. Mtima wa munthu aliyense umapendekera ku choipa, wa mwana wa m'busa ndi wa mwana wa wakuba omwe, ndipo aliyense ali ndi mphamvu yosankha. Mnyamata wa zaka 13 amene wadziwa mtengo wa nkhuku, wadziwa kwa kuigulitsa, wadziwa kukana, ameneyo akudziwa chabwino ndi choipa. Mumumvere chisoni, inde, koma musamulande ulemu woyankha pa zimene wachita.

Wodzipereka kumsasa, Nsanje
Abambo a ku Sorgin, zoti munthu aziyankha pa zochita zake ndikugwirizana nanu. Koma zoti anthu alipo magulu awiri, abwino ndi oipa, ine ndinazisiya mu Januwale 2015.

Ndinali mmodzi mwa olemba maina pamsasa wina. Kunabwera bambo wina wolemekezeka, munthu woti pamaliro ndiye amapatsidwa mpando wa kutsogolo, amene anthu amasungitsa ndalama kwa iye ndipo sinasowepo tambala. Anandilembetsa anthu asanu ndi anayi a pakhomo pake. Mayi wina ali pambuyo pake pamzere anandikodola n'kundinong'oneza kuti awiri mwa amenewo tinaika kale m'manda chaka chatha. Bamboyo atazindikira kuti ndamva, sanatsutse. Anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, mwana wanga, thumba limodzi silifika mwezi.

Pamsasa womwewo panali msodzi wina chidakwa, woti akadutsa pakhomo pako umawerenga nkhuku. Usiku umene madzi anabwera, eni mabwato ena amayamba afunsa kuti ulipira chiyani, mbuzi kapena ndalama, munthu ali pachulu madzi ali m'chiuno. Iye uja anapalasa mpaka kucha, kutsitsa anthu m'mitengo ndi pamadenga, osalandira kanthu, manja onse matuza okhaokha. Madzi ataphwa anabwerera ku kachasu wake, ndipo ndinamva kuti anadzagwidwa ndi ukonde wa mnzake.

Ndiye mundiuze, pa awiriwa wakhalidwe ndi uti?

Mphunzitsi wopuma, Chikwawa boma
Funso limenelo linafunsidwa kalekale. Hugh Hartshorne ndi Mark May anayesa ana a sukulu masauzande ambiri ku America, n'kutulutsa zotsatira mu 1928. Amawapatsa mpata woonera mayeso, wonama, wotenga timakobidi poganiza kuti palibe akuona. Amayembekeza kupeza ana oona mtima mbali iyi, achinyengo mbali iyo. Sizinatero. Mwana woonera mayeso nthawi zambiri ndalama samazikhudza, wonama kwa aphunzitsi kunyumba amanena zoona. Ochepa kwambiri ndi amene anali oyera ponseponse kapena akuda ponseponse. Ine m'kalasi ndinaziona zomwezo. N'chifukwa chake ndimadana ndi kumutcha mwana kuti wakuba. Nenani kuti waba nkhuku, waba ndalama. Zimenezo angabweze.

Msungichuma wa banki mkhonde, Dyeratu
Azibambo inu mwayankhula bwino, ma Denmark ndi ma India, koma palibe amene watchula mayi wa pakhomopo. Ndalama zasowazo si zake. Tsiku la msonkhano akakhala pamphasa pamaso pa azimayi anzake, bokosi likatsegulidwa, ndipo wakuba amene akamuone ndi iyeyo, osati mwanayo. Mawa lake mudzi wonse udziwa. Inu a Telala mudzakhala muli pamakina anu kumsika. Mayiyo ndi amene amaphika, amachapa, amatsala ndi mwanayu tsiku lonse, ndipo mwina sanafunsidwe n'komwe pamene ankabwera. Akanena kuti apite si nkhanza, watopa.

Ngati mukufuna mwanayo akhale, yambani mwakonza za mayiyo. Bwezani ndalamazo inuyo msonkhano usanafike. Bokosi lisamagone poonekera, ife lathu lili ndi maloko atatu ndipo makiyi amasunga anthu atatu osiyana, si chifukwa choti timaganizirana zoipa. Kenako mnyamatayo akubwezereni inuyo pang'onopang'ono, ndi thukuta lake. Akatole thonje, akathirire kudimba, muzilemba m'kope iye akuona mpaka ngongole ithe. Ikatha muitseke pamaso pake, ndipo isadzatchulidwenso pa mkangano wina uliwonse.

Telala wa pa Ngabu
Amayi, mwalasa. Sindinawafunse, ndinangobwera naye kuchokera kumaliro a azakhali ena. Ndalama ndabweza kale dzulo. Za kopezo ndazikonda.

Wakabaza wa pa Nchalo
Ndiye chikwapu mwachikana nonse? Ife tinakwapulidwa ndipo tinakula bwinobwino. Masiku ano mwana ukangomukhudza akuti ufulu. N'chifukwa chake ana atha.

Namwino wa ku East Bank
Achimwene a kabaza, amene anakwapulidwa n'kukula bwino ndi amene ali pano kutiuza. Amene anakwapulidwa n'kuthawira ku Limbe kukagona m'makhonde a masitolo sali pagulu lino. Elizabeth Gershoff ndi mnzake anaphatikiza kafukufuku wa zaka 50 wokhudza ana oposa 160,000, zinatuluka mu 2016. Sanapeze kuti kumenya kumakonza khalidwe. Ana omenyedwa kawirikawiri ndiwo ankapezeka aukali ndi osamvera. Chikwapu chimaphunzitsa msanga chinthu chimodzi, kusagwidwa. Ndipo inu bambo anu akakukwapulani madzulo, m'mawa munkadzuka muli mwana wawo, simunkakayika. Uyu akakwapulidwa ndi abambo aang'ono amva kuti akuthamangitsidwa.

Chinanso, mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imagwira munthu kuti aime kaye aganizire za mawa, imatsiriza kukhwima munthu atapitirira zaka 20. Wa zaka 13 akadali dothi lonyowa, kuweruza panopa kuti watha n'kufulumira.

Malume wa ku Chapananga
Ine si malume wa mwanayo, koma ndiyankhulire anzanga a kwathu. Ife Amang'anja mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Inu Asena mukapereka chuma ana amakhala a kuchimuna. Tsono maukwati osakanizawa ali ndi kachinyengo kake. Mwana akakhala wanzeru, wasankhidwa kupita kusekondale, mbali zonse ziwiri zimakumbukira mwambo wawo, aliyense akuti ndi wathu. Akakhala wovuta, mbali zonse zimakumbukira mwambo wa anzawo. Ngati achimwene anu anapereka chuma, a Telala, inu ndinu bambo ake, palibe zoti aang'ono. Amalume akewo aitaneni abwere, akhale nanu pansi, mwanayo aone kuti ali ndi anthu mbali ziwiri. Koma osati kumukweza pa kabaza ndi chikwama chake ngati katundu wobwezedwa kusitolo.

Mwana wa ku Ndamera, pano ku Johannesburg
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndiyankhule, chifukwa mwana wa mphasayo ndinali ine. Ndinakulira m'makomo a abale, ndipo dzina langa pamsika wa pa Nsanje boma linali loipa. Kumenyedwa ndinamenyedwa mpaka khungu linazolowera.

Panali mayi wina wachikulire wogulitsa makakana ndi milamba yowamba, sanali m'bale wanga. Tsiku lina anandiitana n'kundipatsa ndalama kuti ndikamugulire nsomba kudoko. Azimayi anzake anamuseka kuti mwataya. Ndinapita, ndinabwera nazo, koma chenji ndinadulako pang'ono. Anayala chitenje, anawerenga makobidi amodziamodzi ine ndikuona, n'kunena kuti yaperewera mwakuti. Sanakweze mawu, sanaitane munthu. Anatenga gawo langa limene anandilonjeza, anachotsapo yoperewerayo, yotsalayo anandipatsa m'manja. Kenako anati, mawa ulawire, asodzi akumafika msanga.

Mawu amenewo ndi amene anandisokoneza. Ndinazolowera kuti ukalakwa, watha. Uyu anaona zonse, sananamizire kuti sanaone, koma mawa linalipobe. Ndipo gawo langa silinaphonyepo, ngakhale tsiku limene malonda sanayende. Sindinasinthe sabata imeneyo, ndisakunamizeni, kwina ndinkasololabe. Koma kwa mayi uja ndinasiya, kenako malo amene ndinasiya anayamba kuchuluka. Pano ndimagwira makiyi a sitolo ya eni.

Wophunzira ku Zomba, kwathu Tengani
Achimwene a ku Joni, nkhani yanu ikufanana ndi zimene Emmy Werner anapeza pachilumba cha Kauai ku Hawaii. Anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 mpaka atafika zaka 40. Mwa amene anabadwira m'mavuto aakulu, umphawi, uchidakwa wa makolo, mabanja osweka, mmodzi mwa atatu alionse anakula bwino lomwe. Chimene chinkapezeka kawirikawiri mwa amenewa ndi munthu wamkulu mmodzi wodalirika, nthawi zina agogo, aphunzitsi, kapena woyandikana naye nyumba. Ndipo ambiri mwa amene anavuta paunyamata anadzakhazikika atafika zaka za m'ma 30, ena chifukwa cha ntchito, ena banja, ena mpingo.

Mkulu wa mpingo, Sorgin
Koma taonani kuti mayi wa nsombayo anadula ndalama yoperewerayo. Sanati ndi wamasiye, musiyeni. Ndi zimene ndimanena ine.

Mdzukulu wa agogo a ku Chiromo
Ndawawerengera agogo anga zonsezi, aseka kwambiri za switi. Akuti ndikuuzeni kuti kale kunali nomi. Anyamata ndi atsikana a m'mudzi amakhala ndi gulu lawo, atsogoleri awo, amakalima m'minda ya anthu n'kusunga zimene alandira mpaka nthawi ya phwando lawo. Waulesi kapena wosolola amaweruzidwa ndi anzake omwe, ndipo akuti manyazi a pamaso pa anzako amawawa kuposa ndodo ya bambo ako. Akuti mwana wa masiku ano akaweruka kusukulu alibe gulu limene likumudalira, ndiye gulu amakalipeza kumavidiyo. Afunsanso kuti anyamata a tchipisi amene anagula nkhuku kwa mwana wa zaka 13 osafunsa kumene yachokera, iwowo magazi awo ndi a ndani.

Mayi wa ku Bangula
Agogo afunsa zoona pamenepo. Koma ine ndikadali pomwe ndinali. Nkhani za amene anasintha timazimva chifukwa n'zokoma kufotokoza. Alipo amene anachitiridwa zonsezi, kope, chikondi, mapemphero, n'kudzagulitsa makina osokera a yemwe anawalera. Zikakanika pali ku Mpemba, kosungira ana olakwa.

Namwino wa ku East Bank
Alipodi, mayi, palibe amene angalonjeze. Koma ku Mpemba mwana sapita chifukwa kholo latopa, amatumiza ndi khoti la ana pakakhala mlandu. Zisanafike kumeneko, a Telala angaonane ndi a zachisamaliro cha anthu kuboma kapena wa zoteteza ana wa m'dera lawo. Nambala ya 116 ndi yaulere, amalangiza makolo omwe. Adziwitsenso aphunzitsi ake, chifukwa mwana wotere nthawi zambiri kusukulu amakhala akujomba osadziwika.

Woweta wa ku Miseu Folo
Wina asanene kuti mumupatse mbuzi yake kuti aphunzire kusamala, chifukwa ndikudziwa kuti zikubwera. Mbuzi ndi ndalama yoyenda ndi miyendo, tsiku la msika mavenda amunyengerera. Ngati n'chiweto, yambani ndi nkhunda.

Wakabaza wa pa Nchalo
Chabwino, chikwapu ndasunga, ngakhale sindinagonje. A Telala, mlamu wanga amakonza njinga pa Ngabu pomwepo, pafupi ndi pokwerera. Loweruka anthu amachuluka, amasowa womugwirira pampu ndi kumata machubu. Mnyamatayo azipita kumeneko akamaliza ntchito za pakhomo. Chubu chilichonse chimene wamata ali ndi yake, amalandira madzulo omwewo, theka azipititsa ku kope lija. Ndilembereni kumbali ndikupatseni nambala.

Mayi wa ku Bangula
Muwauze alamu anuwo awerenge masipanala asanatsegule.

Wakabaza wa pa Nchalo
Amawerenga kale, mayi. Anayamba chaka chimene ndinkaphunzira ine.